Laputopu ya kuntchito ikutizonda, koma za kuno kuchigwa siikuzidziwa

Anthu akamva kuti ndimagwira ntchito ndili kunyumba kuno kwa Ngabu pomwe ofesi yathu ili ku Lilongwe amati aaa nde mukumva kukoma, abwana ali kutali, mutha kudzuka nthawi yomwe mukufuna. Ayi ndithu abale. Masiku ano abwana sasowa kutsika Thabwa kuti adzaone ngati uli pa ntchito. Laputopu yomwe anakupatsa ija ndi imene imakunenera, ndipo imanena zambiri kuposa momwe ambiri aife timaganizira.

Mwina ena simunazionepo nde ndifotokoze kaye momwe zimakhalira. Mu laputopumo amaikamo kapulogalamu komwe sungathe kukachotsa wekha. Ukangoyatsa kamayamba kulemba, walowa nthawi yanji, watsegula chani, wakhala mphindi zingati pa Excel, zingati pa Facebook, zala zako zagunda kiyibodi kangati, mausi wayenda kapena wangokhala. Ena amajambulanso screenshot pakapita mphindi zingapo, chilichonse chomwe chili pa sikirini nthawi imeneyo chimapita ku ofesi. Ukasiya kugwira kiyibodi kwa kanthawi kakulemba kuti uli idle, ndipo sabata ikatha pamatuluka lipoti loti uje activity yake ndi yotsika, uje ndi yokwera. Mapulogalamu a mtunduwu ndi ambiri, kuli Hubstaff, Time Doctor, ActivTrak, Teramind, ndipo omwe amapanga maganyu a pa intaneti pa Upwork amadziwa kuti ukamalipidwa pa ola ka tracker kao kamajambula sikirini kamodzi pa mphindi 10 zilizonse. Ngakhale Teams yomwe timachitirapo miting'i, kadontho kobiriwira koonetsa kuti ulipo kaja kamasanduka kachikasu ukangokhala mphindi 5 osakhudza kanthu. Zinthuzi zinalipo kale koma zinafala kwambiri mu 2020 nthawi ya Covid ija, makampani atatumiza anthu kunyumba kenako mabwana nkuyamba kuda nkhawa kuti kodi anthuwa akugwiradi ntchito.

Ine sindikutsutsa kuti pakhale kalondolondo. Ntchito yanga ndi kuunika data yomwe anzathu a ku field amatumiza kuchokera m'midzi ya ku Nsanje ndi Chikwawa, maina a mabanja, manambala a chiphaso cha unzika, manambala a foni, ndani ali ndi ulumali, ndani ndi mayi wamasiye, ndani akuyenera kulandira thandizo. Zimenezi si zoseweretsa. List ngati imeneyi itagwera m'manja mwa anyamata aja oimba foni kumati mwapambana tumizani kaye ndalama pang'ono, agogo ambiri angalire. Tabuleti itatayika pa depoti ku Bangula ndi bwino kuti a IT athe kuifufuta ali ku Lilongwe konko. Komanso tisanamizane, alipo anthu omwe amatumidwa kumudzi wakuti koma iwo nkukhala pansi pa mtengo pa trading, kudzaza mafomu onse ndi maina a m'mutu, madzulo nkukasaina alawansi. Amene amavutika ndi zimenezo ndi banja lenileni lomwe dzina lake silinalembedwe. Nde GPS ya mu mapulogalamu odzazira mafomu a Kobo kapena ODK, yomwe imaonetsa malo pomwe fomu yadzazidwira, ikamagwira anthu otere ine ndimati zili bwino, awagwire.

Vuto langa lili pena. Kapulogalamu aka kamawerenga zala, magetsi ndi netiweki, kenako wina ku ofesi nkumawerenga manambala amenewo ngati akuwerenga khalidwe la munthu. Ndipo kuno kuchigwa manambala amenewo amanama kwambiri.

Tiyambe ndi magetsi. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira, pompano m'boma lathu lomwe lino la Chikwawa, dziko nkutaya ma megawatt pafupifupi 130, ndipo tonse tikukumbukira momwe tinakhalira mumdima mpaka chaka cha 2023. Nthawi ngati imeneyo batire ya laputopu ikatha ndiye kuti yatha, umanyamula chikwama kukwera kabaza kupita kukapempha soketi kwa amene ali ndi sola kapena jenereta, umalipira kutchaja, umadikira, ntchito nkudzaimaliza usiku magetsi akabwera. Pa dashboard yomwe a ku ofesi amaonerapo manambala aja zonsezo palibe. Pamangooneka kuti kuyambira 10 koloko mpaka 3 koloko munthuyu kunalibe. Ntchito yomwe wagwira usiku ana atagona nthawi zina siwerengedwa nkomwe chifukwa ili kunja kwa maola omwe anaika mu system.

Nanga kutentha. Amene anakhalapo kwa Ngabu, ku Nchalo kapena ku Nsanje boma mu Okutobala ndi Novembala akudziwa zomwe ndikunena, ma degree amadutsa 40, nyumba ya malata masana simukhalika, laputopu fani yake imalira mpaka kuzima yokha. Ife tinazolowera kuyambira kale kuti ntchito yolemera imagwiridwa m'mamawa kwambiri ndi madzulo, alimi a thonje ndi mapira amatero, nafenso a kompyuta timatero. Ine mutu wanga umagwira bwino 4 koloko m'bandakucha kukadali kamphepo, pofika 9 koloko theka la ntchito ya tsikulo ndamaliza. Koma system inapangidwira munthu wokhala mu ofesi yozizira yemwe amalowa 8 kutuluka 5, nde masana ndikatseka laputopu kuti izizire ndimaoneka waulesi.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi ichi. Mbali yaikulu ya ntchito yeniyeni siichitika pa kiyibodi. Ndikapeza kuti banja lina lalembedwa kawiri, kamodzi ndi dzina la bambo kamodzi ndi dzina la mayi, sindingangofufuta limodzi. Ndimaimbira wa ku field, iye andipatse nambala ya a mfumu kapena wa komiti ya m'mudzi, ndiimbe, foni iduke, ndiimbenso, mwina ndilankhule ndi agogo eni ake m'Chisena pang'onopang'ono chifukwa samva bwino, mpaka ndimvetse kuti si chinyengo ayi, ndi mitala, mabanja ndi awiri ndithu ndipo aliyense amaphika pake. Theka la ola latha pamenepo. Banja lapulumuka pa list. Koma kwa kapulogalamu kaja theka la ola limenelo ndinali idle, pomwe wina amene wangofufuta dzinalo mwachangu osafunsa activity yake ili pamwamba. Kodi pamenepa tikulimbikitsa chani eti?

Mnzanga wina wa ku field, mayi wolimbikira yemwe amayenda midzi ya ku East Bank mbali za Makhanga ndi Muona, analandira kalata yoti afotokoze chifukwa chani ma GPS a mafomu ake ali kutali ndi mudzi womwe anatumidwa. Anandiimbira mau akunjenjemera, akuti achemwali ndayenda ine mpaka mapazi kutupa lero akunditenga ngati wakuba. Nkhani yake inali yosavuta kwa aliyense wa kuno. Mudzi umenewo pa mapu uli m'mbali mwa mtsinje, koma anthu ake anasamuka madzi atawaononga, paja Idai mu 2019, Ana mu 2022, Freddy mu Malichi 2023, anthu ena anapita kumtunda osabwereranso, ena amakhala uku ndi uku, nthawi ya dzinja kumtunda nthawi ya chilimwe kumadimba. Mfumu ndi yomweyo, dzina la mudzi ndi lomwelo, koma malo asintha. Mayiyu anawatsatira anthuwo komwe ali, zomwe ndi ntchito yabwino zedi, ndipo kompyuta inamuika chizindikiro chofiira chifukwa cha chomwecho. Zinatheka kukonza atalowererapo a supervisor omwe amadziwa derali, koma kalata ija inalembedwa kale ndipo mtima wa munthu unasweka kale.

Kuli zinanso zomwe wa ku Lilongwe sangaganize. Ukakhala ku Nsanje boma kapena ku Marka, Mozambique ili pompo, foni nthawi zina imagwira netiweki ya tsidya lina, ndipo ena amasunga dala simu ya kumeneko chifukwa m'madera ena ndi yomwe imakoka. Ukalowa mu system ndi intaneti imeneyo a IT amaona ngati munthu walowa ali kunja kwa dziko, akaunti nkutsekedwa. Kapena Shire ndi Ruo akadzadza, msewu wa ku East Bank waduka, munthu akuoloka pa bwato tabuleti ataikulunga mu jumbo, mafomu ali momwemo sanapite chifukwa netiweki kulibe, akadzafika pomwe ikugwira onse amapita nthawi imodzi. Wongoyang'ana nthawi yomwe mafomu afika amati bwanji mafomu onsewa alowa mphindi imodzi, wapeka ameneyu.

Kwathu kuno munthu akakupatsa ganyu yolima amakupimira ndime, iwe ulime m'mamawa kapena madzulo zili ndi iwe, iye amabwera kudzaona ngati ndime yatha komanso ngati mizere yakwezeka bwino, sawerenga kuti khasu lagunda pansi kangati. Ntchito zambiri za pa kompyuta zikhoza kupimidwa chimodzimodzi. Mafomu angati aunikidwa, zolakwika zingati zapezeka, lipoti lafika tsiku lomwe tinagwirizana kapena ayi, a supervisor akatenga mafomu angapo nkukafunsanso kumudzi akupeza zofanana kapena ayi. Zimenezo ndi zomwe zimaonetsa ntchito. Ukamawerenga zala anthu amakupatsa zala. Ku America mu 2024 banki ya Wells Fargo inachotsa ntchito anthu oposa 12 chifukwa chonamizira kuti akugwira kiyibodi pomwe sakugwira ntchito, ndipo tizipangizo togwedeza mausi tokha timagulitsidwa poyera pa intaneti. Sindikuikira kumbuyo bodza, kunama ndi kunama basi, koma taonani komwe mpikisano umenewu umathera, bwana akugula pulogalamu yozonda, wantchito akugula kachipangizo konamiza pulogalamuyo, ntchito yeniyeni palibe akuiyang'ana.

Tsopano nkhani ya foni, apa nde pamandidetsa nkhawa zedi. Laputopu ndi ya bungwe, chabwino, ali ndi ufulu woiteteza. Koma mabungwe ndi makampani ambiri sapereka foni, amangoti ikani app iyi mu foni yanu kuti muzilandira ma email a kuntchito kapena muzisaina kuti mwayamba ntchito. App ija ikamalowa imapempha location, kamera, ma contacts, mafayilo, ndipo munthu poopa kuoneka wovuta amangodina allow allow mpaka kumapeto. Koma foni ya kuno si ya munthu mmodzi. Foni yanga ndi yomwe amayi amaimbira achimwene omwe ali ku Johannesburg, ndi yomwe mwana amaonera zotsatira za mayeso, muli Airtel Money ndi Mpamba, muli gulu la WhatsApp la kumpingo, la banki nkhonde, la maliro a kumudzi, muli zithunzi za ana, muli mauthenga a kuchipatala omwe ngakhale m'bale wako sungamuonetse. Location ikakhala yoyaka usiku ndi usana ndiye kuti wina akhoza kudziwa kuti Lachiwiri lililonse ndimapita kuchipatala, kapena kuti Loweruka ndinagona kwina. Zimenezo zikukhudzana bwanji ndi ntchito? Mafoni a Android ali ndi njira yotchedwa work profile yomwe imapatula za kuntchito ndi za iwe mwini, a IT amangoona ndi kufufuta mbali ya ntchito yokha. Njirayo ilipo, nde ngati sakuigwiritsa ntchito tiziwafunsa chifukwa chake.

Komanso tisaiwale kuti kuzondedwaku timalipira ndife. Ma screenshot aja akamapita ku ofesi amadya bandulo yanga. GPS ikamayaka tsiku lonse imamaliza batire yomwe ndatchajitsa ndi ndalama. Alawansi ya data ndi yomweyo siinakwere.

Ambiri timaganiza kuti poti tinasaina kontrakiti ndiye kuti basi tinagulitsa zonse. Sichoncho. Malamulo oyendetsera dziko lino a 1994, gawo 21, amati munthu aliyense ali ndi ufulu wosunga chinsinsi chake, ndipo amatchula ndithu za kusalowerera pa mauthenga a munthu, makalata ndi matelefoni omwe. Mu 2024 kunabweranso lamulo la Data Protection Act, ndipo bungwe la MACRA ndi lomwe linapatsidwa udindo woyang'anira lamuloli. Mfundo zake ndi zomveka, wotolera zokhudza munthu akhale ndi chifukwa chovomerezeka, amuuze mwini wake, atole zokhazo zofunika pa cholingacho, asazisunge mpaka kalekale, ndipo mwini wake ali ndi ufulu wofunsa kuti mukusunga chani za ine. Wantchito nayenso ndi munthu, lamuloli silithera pa geti ya kampani. Ndipo Employment Act ya 2000, gawo 57, imati sungachotse munthu ntchito popanda chifukwa chomveka, komanso ngati nkhani ndi ya khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito ayenera kupatsidwa mpata woyankhapo. Nde lipoti la kompyuta loti activity yatsika palokha si chigamulo, munthu ayenera kufunsidwa kaye, ndipo zikavuta ofesi ya leba ku boma ilipo, Industrial Relations Court iliponso.

Kunja anzathu anayamba kale kukangana za izi. Ku Romania kunali injiniya wina, Bogdan Bărbulescu, yemwe anachotsedwa ntchito mu 2007 kampani itawerenga mauthenga ake a pa Yahoo Messenger omwe amalemberana ndi m'bale wake komanso chibwenzi chake. Nkhaniyo inayenda zaka 10 mpaka mu 2017 khoti la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu linagamula kuti ufulu wake sunatetezedwe, ndipo mwa zifukwa zake china chinali choti sanauzidwe bwinobwino pasadakhale kuti kalondolondoyo afika mpaka powerenga zomwe walemba. Khotilo silinanene kuti bwana asamayang'ane ayi, linati auze anthu, akhale ndi chifukwa, ndipo aone kaye ngati palibe njira ina yosalowerera kwambiri. Ku France mu Januwale 2024 bungwe loteteza data ya anthu la CNIL linalengeza chindapusa cha ma euro 32 miliyoni kwa kampani ya Amazon yoyendetsa nyumba zosungira katundu, chifukwa ma scanner a antchito amawerenga chilichonse mpaka nthawi yomwe munthu waima mphindi 10. Malamulo a kumeneko si athu, koma funso lake ndi lomwelo lomwe tili nalo kuno.

Pa miting'i ina ya pa Teams ndinafunsa mwaulemu ndithu, ndinati abwana pepani, kodi ma screenshot amenewa amawaona ndani, ndipo amasungidwa mpaka liti? Abwana athu ndi munthu wabwino, sanakwiye, anati amayi funso lanu ndi labwino ndikafunsa a IT, ine ndimangolandira lipoti la manambala. Apa ndi pomwe ndinaona kukula kwa nkhaniyi. Amene akugamula za ine akuona manambala okha, amene akuona zithunzi za sikirini yanga sindikumudziwa, ndipo pa sikirini yangayo nthawi zambiri pamakhala maina ndi manambala a ziphaso za anthu a kumudzi aja. Ndiye kuti pulogalamu yomwe inabwera kuti iteteze data ya anthu ikujambula data yomweyo nkumaitumiza ku seva yomwe ngakhale abwana sadziwa kuti ili dziko liti. Agogo a ku Tengani atapereka chiphaso chao kwa mnzathu wa ku field sanavomere zimenezo.

Miting'i itatha anzanga angapo anandilembera ku inbox kuti mwatilankhulira achemwali, ife timaopa. Ndipo mantha awo ndimawamvetsa, ntchito kuno ndi zosowa, kupatula ku shuga ku Nchalo, m'boma ndi mabungwe ochepawa palibe kwina kolowera, makontrakiti ake ndi a miyezi yochepa, ukaoneka wofunsafunsa sakuonjezera. Nde anthu amangopirira, ena amakhala pa laputopu kumangoyendetsa mausi pomwe mwana akudwala chipinda china, kuopa kadontho kachikasu. Mnzathu wina anandiuza kuti ngakhale kupita kukatunga madzi pa mjigo amathamanga ngati waba.

Zomwe tikupempha si zambiri ndipo tazilemba kale ngati gulu kuti zisaoneke ngati za munthu mmodzi. Atipatse pepala lolembedwa bwino, m'Chichewa momwe, lonena chomwe pulogalamuyi imaona ndi chomwe siiona, amene amaloledwa kutsegula, ndi nthawi yomwe zimafufutidwa. Ikhale mu zipangizo za bungwe, ndipo ngati akufuna foni zathu akhazikitse work profile kapena agule mafoni a ntchito. Tikaweruka izizima, Loweruka ndi Lamulungu izizima. Ma screenshot asiye pa ntchito ngati yanga yomwe pa sikirini pamakhala zinsinsi za anthu ena. Ndipo chachikulu, chizindikiro chofiira chikatuluka, munthu asanalembe kalata ayambe waimba foni nkufunsa kuti kwachitika chani kumeneko, makamaka akhale munthu woti anapondako ku Makhanga nthawi ya mvula.

Kwa inu achinyamata a ku Nsanje ndi Chikwawa omwe mukupeza ntchito za pa intaneti kapena za ma survey, musanasaine funsani mafunso amenewa pomwepo, nthawi ya interview ndi yabwino kufunsa kusiyana ndi pomwe kalata yabwera. Pa laputopu ya kuntchito musalowetsepo Facebook yanu, banki yanu kapena WhatsApp Web, pasiwedi iliyonse yomwe mwalemba pamenepo muziitenga ngati wina waiona. Magetsi akazima kapena netiweki ikathawa tumizani ka SMS kwa supervisor nthawi yomweyo ndipo muzisunga, muzilembanso m'kabuku nthawi yomwe azima ndi yomwe abwera, tsiku lina kabuku kameneko kadzakuyankhirani.

Kalata yathu ija inapita kwa a HR ndipo atiuza kuti aikambirana ndi a IT pamodzi ndi akuluakulu. Tawapempha kuti yankho libwere mvula isanayambe, chifukwa Januwale ndi Febuluwale ndi pomwe misewu imaduka, magetsi amavuta kwambiri, mafomu amachedwa, ndipo ndi nthawi yomweyonso yomwe ntchito yolemba mabanja okhudzidwa ndi madzi imachuluka.